Chitsulo m'phewa la a Januária

A Januária ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Ndi mlimi wa nandolo ku Mongue, mkazi wa a Hermínio. Ana awo asanu ndi mmodzi onse anakulira kumsana kwawo.

Chaka chatha anagwa pa njinga pochokera kumsika. Fupa la mkono wamanja linathyoka m'mwamba, pafupi ndi phewa. Kuchipatala cha ku Milange anawajambula mkonowo n'kuwatumiza ku Quelimane. Kumeneko madokotala anang'amba phewa, nalumikiza zidutswa za fupa ndi kachitsulo kathyathyathya, n'kukamanga ndi masikuluwu.

Powatulutsa anawauza kuti bala likapola ayambe kuuyendetsa mkonowo pang'onopang'ono. Koma kumudzi fupa lothyoka salisuntha, amalimanga ndi timitengo n'kulisiya. A Januária anaumangirira mkonowo pachifuwa ndi chitenje mpaka mvula inagwa, kuopa kuti chitsulo chingaguluke. Fupa linagwirana. Phewa linauma gwa.

Kenako mwana wawo Cremilda, yemwe amagulitsa tomato ku Muloza, anabwera ndi khanda loti agogo azitsala nalo. A Januária anawerama, naika khandalo kumsana. Dzanja linakana kupita kumbuyo kukakoka chitenje. Anabweza khanda kwa amake, nakakhala kuseri kwa nkhokwe. A Hermínio anawapeza komweko.

"Amake Cremilda, mukulira?"

"Ndi utsi."

"Utsi kuseri kwa nkhokwe? Dzukani. Njinga yongoimika imachita dzimbiri, ndiye inu chitsulo muli nacho."

"Bwanji osandithira oyilo?"

"Akatithirira ndi anamwino. Tiyeni."

Anawakweza pakaliyala wa njinga mpaka kuchipatala chaching'ono. Namwino anakalipa poona kuti mkonowo sankauyendetsa, kenako anawaonetsa chochita: kuyang'ana khoma n'kukweza zala pang'onopang'ono ngati nyerere. M'mawa uliwonse, asanapite kumunda, a Hermínio ankawagwirira chigongono, a Januária akukwera khoma la nyumba yawo ndi zala, misozi ili chuchuchu.

"Mufuna kundipha, mdala inu, mukwatire wina."

"Wina wachitsulo ndikamupeza kuti? Tukwanani, koma kwerani."

Panopa mkono umafika pakhutu, supitirira apo. Kumbuyo sufikabe bwinobwino, ndipo khasu amaligwira kanthawi kochepa. Khanda amalibereka tsiku lililonse. A Hermínio ndiwo amaponya chitenje kumsana, a Januária n'kumanga mfundo pachifuwa.