Kuperekeza kalaliki wa msonkho ku Lilongwe

Tinanyamuka ku Masasa Lamlungu m'ma sikisi koloko m'mawa, mvula yamawawa ikugwa monga imachitira ku Mzuzu. Ndinkaperekeza bambo anga, omwe penshoni yawo inali itasiya kubwera kwa miyezi itatu. Ku ofesi ya kuno anatiuza mwaulemu kuti iwo amangolandira makalata, wobwezera dzina pamndandanda ali kulikulu, ndipo akufuna kuona mwini wake ndi maso kuti alidi moyo. Mankhwala a shuga a bambo amadalira ndalama imeneyi, choncho panalibe kuchitira mwina.

Njinga zamoto ziwiri zinatifikitsa kudepoti pa K2,000 aliyense. Basi inali K35,000 munthu mmodzi. Kondakitala analumbira kuti tinyamuka seveni, koma tinatuluka naini itadutsa, mikoko ya nthochi itadzaza pakanjira.

Mkangano unayambira m'Chikangawa, basi ikukwawa m'chifunga kumbuyo kwa lole ya matabwa. Mayi wina anadandaula kuti msonkho timadula kuno koma chilichonse chimakagamulidwa ku Lilongwe. Wina kumbuyo anati bola chigawo chilichonse chikanakhala ndi boma lake. Bambo anga nkhani zoterezi sazilola kudutsa. Anati boma la dziko lino ndi limodzi, mutu wake umodzi, ndipo iwo eni, mbadwa ya ku Ntcheu, anabwera kumpoto ndi kalata yowatumiza kukakhala kalaliki wa msonkho, popanda wowafunsa maganizo.

Ndinawatsina pantchafu koma mawu anali atatuluka kale. Achikulire amakumbukira nthawi imene mwamuna aliyense wamkulu ankadula msonkho wa pachaka n'kumayenda ndi chiphaso chake m'thumba. Amesenjala ankadikira pakhomo la msika, ndipo wopanda chiphaso ankamangidwa chingwe.

Bambo wina waimvi, yemwe anakhala kutsidya kwa kanjira, anatembenuka n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti ankagwirira kuti. Bambo anati ku Ekwendeni.

"Ndiye ndinu, adada. Munali ndi njinga yakuda."

Anafotokoza modekha kuti ali mnyamata anagwidwa pamsika umenewo akugulitsa nkhuku. Anakhala tsiku lonse pansi pa mtengo, manja ali kumbuyo, mtsikana amene ankamufunsira akuona, mpaka mayi ake anagulitsa mbuzi yokhayo imene anali nayo. Ine mtima unali m'mwamba, poti tinali ndi maola ambiri oti tikhale ndi anthu amenewa.

Bambo anavula chipewa. "Sindikukukumbukani, tinagwira ambiri. Koma ngati munali pa Ekwendeni, ndinali ine. Pepani."

Munthu uja anangoyang'ana pawindo.

Pa Jenda tinaima cha m'ma wani koloko. Miyendo ya bambo inali itatupa, ndipo ndikulimbana nawo pamasitepe a basi ndinaona dzanja lina likuwagwira kukhwapa. Anali bambo aimvi aja. Anawatsitsa, kuwaperekeza kuchimbudzi, kenako anagula chimanga chootcha n'kuchithyola patatu. Anati dzina lawo ndi a Gondwe, mphunzitsi wopuma, ndipo nawonso akupita ku ofesi yomweyo, ulendo wachitatu.

"Takalamba tonse, adada. Tiyeni tikalionetse boma kuti tilipo."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola, ine ndiye ndinapuma.

Tinadutsa Kasungu dzuwa litapendeka, n'kufika ku Lilongwe m'ma sikisi. Tinagona kwa msuweni wanga ku Area 25. Lolemba m'mawa tinapeza a Gondwe akutidikira pageti. Anatitsogolera kuchipinda choyenera, kutipulumutsa ku mzere wautali umene tikanaimapo pachabe. Mayi wa paofesi anayang'ana chitupa, kuyang'ana bambo, kudinda chidindo, n'kunena kuti mwezi wamawa zonse zilowa pamodzi. Sizinathe mphindi khumi. A Gondwe zawo zinathekanso masana. Potsanzikana bambo anayesa kuthokoza m'Chitumbuka chawo chokhota: "Yewo chomene." A Gondwe anawakonza katchulidwe, monga mphunzitsi.

Pobwerera Lachiwiri ndinkayembekeza kuti bambo agona njira yonse. M'malo mwake anayamba kundiuza za ntchito ija: midzi imene amuna ankathawira kuphiri akamva belu la njinga yawo, mkulu wina wodwala amene anamulembera kuti anamwalira kuti asamavutitsidwe, ndi ena amene sanawachitire chifundo chotero. Ena ankawatchula maina. Ine ndili ndi zaka makumi anayi, ndakulira m'nyumba mwawo, koma zonsezi ndinali ndisanazimvepo, ndipo ndinazindikira kuti n'chifukwa choti ndinali ndisanawafunsepo. Tinalowa mu Mzuzu magetsi akuyamba kuyaka, iwo asanamalize. Titafika kunyumba ndinawaikira madzi otentha m'beseni oviika miyendo, ndinakoka mpando, n'kuwauza kuti apitirize.