Tsiku Limene a Bizwell Anameta Popanda Maliro

Ku Chiparamba a Bizwell Soko ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kumata machubu a njinga mkati mwa sabata, ndi kumasulira kanema Loweruka masana. Ya njingayo inali ntchito yongodyera. Ya kanemayo ndiyo inali moyo wawo.

Anabadwira komweko, mwana wa mphunzitsi wa kumishoni, choncho Chingerezi anachiyamwira pakhomo. Atakwatira a Dailes anapita kumigodi ku Luanshya, komwe anapeza ntchito yosesa m'holo ya bayisikopo. M'holomo munali mkulu wina, a Simoni, amene ankakhala pakati pa anthu akwathu kum'mawa kuno n'kumawauza m'Chinyanja zimene azungu a pansalu akulankhula. A Bizwell ankaima kumbuyo ndi tsache lawo, milomo ikutsatira chamumtima.

Kanema wodzaza holo anali wa kazitape uja wa suti yakuda, amene amagwa kuchokera m'ndege koma kolala osapindika. Anthu ankangomuti Wasuti. Pakapita chaka kapena ziwiri ankabweranso ndi nkhani ina. Ndiye chaka china anabwera, dzina lomwelo, suti yomweyo, koma nkhope ina.

A Simoni sanadabwe. "Uja wamwalira," anatero. "Uyu ndi mphwake, walowa dzina." Anakhala pampando wawo n'kuyamba kumasulira. Kanema asanafike pakati, mawu anawauma ngati ameza gaga. Anatsokomola, n'kukodola a Bizwell kuti apitirize. Lachiwiri lake a Simoni anaikidwa m'manda.

Kuyambira pamenepo a Bizwell anadziwa chinthu chimodzi chimene sankauza munthu wamba: wolowa dzina safuna pakamwa pa malemu. Amene ankalankhulira wakale amatsatira mwini wake.

Nkhope yatsopanoyo inakhala yawo. Anailankhulira zaka khumi ndi ziwiri, mpaka ntchito inatha, iwo n'kubwerera kumudzi ndi a Dailes, ana anayi ndi bokosi la masipanala. Anamva mphekesera kuti nkhope yasinthanso, koma ku Chiparamba kunalibe kanema, choncho zinawapitirira patali.

Mu 1992 Enoch, mwana wa mlongo wawo, anagula vidiyo ndi batire ya lole, n'kuziika m'nyumba yakale yosungiramo fodya. Mazenera anatseka ndi masaka. Matepi amene ankapeza m'tauni anali akalekale, a nkhope ija ya a Bizwell. Mdalayo anachita ngati wakumana ndi mnzake wa kumigodi. Ankadziwa pamene Wasuti akweze nsidze, ndipo ankathiramo zawo. Wasuti akamanong'oneza mkazi wachizungu, iwo amvekere, "Mayi, kwanu mumalima chiyani?" Nyumba yonse inkagwa ndi phwete. Ngakhale azimayi achigwirizano cha kutchalitchi ankabwera, n'kukhala kumbuyo atadziphimba kukamwa.

Mu 1996, mwambo wa Ncwala utangotha ku Mtenguleni, Enoch anatsika minibasi akuthamanga, n'kuwapeza a Bizwell ataviika chubu m'beseni.

"Amalume, siyani zimenezo! Wasuti wadzuka! Zaka zonsezi anthu amati anatha, si uyu? Yatsopano, ya chaka chathachi."

A Bizwell anapukuta manja n'kulandira tepiyo. Pachikuto panali suti ija, kaimidwe kaja. Nkhope inali ya munthu amene sanamuonepo, ndipo maso ake ankayang'ana iwo.

"Bweza," anatero.

"Ndibweze? Ndauza kale mudzi wonse. Kapena Chingerezi cha masiku ano chakukulirani?"

"Iwe, ndinayamba kumasulira usanamere mano."

"Ndiye Loweruka tionana. Mukakana ndikapempha aphunzitsi a Goodson, akhala akuufuna mpandowo."

Masiku atatu a Bizwell anamata machubu mokhotakhota. Akakana, mpando upita, iwo atsala mdala wa njinga basi. Akavomera, ankamvabe kutsokomola kwa a Simoni m'khutu.

Loweruka m'mawa anatulutsa kampando pabwalo, n'kuika lezala ndi sopo pambali.

"Amake Hazel, bwerani mundimete. Mpala."

A Dailes anaima ndi ndowa m'manja. "Wamwalira ndani?"

"Wasuti wanga uja."

"Bambo a Hazel, musandiseketse m'mawa uno. Wa pa vidiyo?"

"Anamwalira kalekale, kutali, ife sanatitumizire uthenga. Ndamulankhulira zaka zonsezi osamulira. Ndimete, ndimutaye, apite. Ndikakhala pampando paja ndikhale munthu wina, watsopanoyu asandizindikire kuti ndinali wa malemu."

"Mutu timameta maliro atachitika. Inu mukufuna kuwatsogolera? Nanga akamva abusa?"

"A Simoni munawaona m'bokosi, inu nomwe."

Apo a Dailes anatula ndowa. Anatenga lezala n'kuyamba kuwameta. Imvi zinkagwera pachitenje, ndipo atamaliza anazisonkhanitsa n'kuima nazo, osadziwa kokazitaya. Mayi wina wodutsa ndi nkhuni anachepetsa liwiro, n'kufunsa chapansipansi ngati pagwa zovuta.

Masana nyumba ya fodya inadzaza mpaka pakhomo. Munkanunkha thukuta ndi fodya wakale. A Bizwell analowa mazenera atatsekedwa kale ndi masaka, n'kukhala pampando wawo pambali pa wailesi ya kanema. Enoch analumikiza batire. Nkhope ija inatulukira, n'kutsegula pakamwa.

A Bizwell anameza malovu, akudikira gaga uja pakhosi. Sanabwere. Mawu anatuluka okha, opepuka, osalala, othamanga. Sanapunthwe ngakhale pamodzi. Mawu ena Achingerezi amene sanawamvepo chibadwire, anangopezeka awamasulira. Nthabwala zimene zinkatuluka sizinali zawo za masiku onse, koma anthu ankaseka kuposa kale. Iwo ankangomvetsera pakamwa pawo pakugwira ntchito, ngati munthu womvera wailesi ya nyumba yoyandikana.

Kanema anatha. Enoch anachotsa masaka, kuwala n'kulowa m'nyumba. A Bizwell anagwira pakhosi, anagwira pamtima. Zonse zinali m'malo. Anafuna kuseka mokweza.

A Magalita, ogulitsa zitumbuwa, amene a Bizwell ankawakonzera njinga mwezi ndi mwezi, anabwera kwa Enoch akupukuta misozi ya kuseka.

"Iwe Enoch, womasulira uyu wamutenga kuti? Ndiye katswiritu. Nanga a Soko adwala?"

"Ndine ndemwe, a Magalita," anatero a Bizwell, ataima pafupi nawo. "Mpalawu wakusokonezani?"

Mayiyo anawayang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenako anapinda bondo, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo bambo, mwatisangalatsa. Mukhalitsa kuno?"

A Bizwell anatembenukira kwa Enoch kuti aseke naye. Enoch anaseka, koma mochedwa, ndipo maso anali pa nthambo za batire.

Panjira anakumana ndi anthu amene anakula nawo. Onse anawapatsa moni wabwino, moni wa mlendo, wopatuka panjira. Palibe anawafunsa za njinga.

Anafika pakhomo dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. A Dailes anali pamphasa akuswa mtedza. A Bizwell anaima pamaso pawo n'kutambasula manja.

"Amake Hazel, ndabwera. Ndili moyo, onani. Ngakhale kutsokomola!"

A Dailes anakweza mutu. Anawayang'ana nthawi yaitali, pa mutu umene anameta okha m'mawa womwewo. Kenako anadzuka, anakung'untha makoko pachitenje, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mpando wa ndalema umene ankasungira abusa, anauika pamthunzi, n'kugwada chapatali.

"Mwaswera bwanji, bambo? Khalani. Eni nyumba apita kukamasulira kanema, koma sachedwa."

A Bizwell anafuna kutchula dzina la mkazi wawo, koma anaopa kumva mawu amene atuluke. Anakhala pampandopo. A Dailes anabwerera kumtedza wawo, ndipo kamodzikamodzi onse awiri ankadzutsa mutu kuyang'ana kunjira.