Chala cha Bambo ndi Singano ya m'Mbale

Mboni zanga ndi zitatu: mlongo wanga Esinati, amene ali ku Bowe mpaka lero, msuweni wanga Yohane, amene anamwalira koma sanaitsutsepo nkhaniyi, ndi aphunzitsi a Chimwaza, munthu woonda moti kukachita mphepo tinkawaika njerwa m'matumba. Izi n'zoona, kafunseni.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene a Chimwaza anagoneka singano pamadzi m'mbale, singano osamira. Anati pamwamba pa madzi pali kakhungu kogwirana. Singano ikanenepa kawiri imalemera kanayi, pomwe kakhunguko mphamvu zake n'zomwe zija. N'chifukwa chake yosokera malaya imayandama, yosokera matumba imamira. Kenako anapaka sopo kuchala n'kuviika m'mphepete mwa mbale. Kakhungu kanafooka, singano pansi.

Chaka chomwecho fodya wa atcheyamani a chipani m'mudzi mwathu anasowa m'chigafa. Iwo ankati anali wodzaza ngolo. Ine ndinamuonapo, sakanadzaza chipewa. Anaitanitsa sing'anga wa kumapiri a Ntchisi, nayenso anabwera ndi mbale ndi singano. Anandanditsa amuna onse kuti aliyense aviike chala, wakuba akaviika singano imira. Anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anaima kumbuyo kwathu.

Bambo anga anali mkamwini, kwawo ku Mvera, m'mudzimo analibe m'bale wowalankhulira. Atafika pambale, sing'anga anawagwira dzanja nthawi yaitali, akulipukuta ndi kansanza. Anaviika. Singano inamira.

Ndinathamanga n'kununkhiza chala chawo.

"Ndi sopo uyu," ndinatero. "Andipatse ine kansanzako, aliyense pano akhala wakuba, ngakhale atcheyamani."

Bambo anali asanandimenyepo chibadwire, koma anandiomba khofi limene ndimalimvabe kukazizira.

"Pepani atcheyamani, mwanayu sukulu yamusokoneza mutu," anatero atagwada. "Fodya ndinatenga ndine."

Ndinathamangira kunyumba kwa a Chimwaza, tsaya lili lotupa ngati dzungu.

"Aphunzitsi, tiyeni mukawauze za kakhungu kaja."

Anasuzumira kumsewu kaye. "Iwe mwana, ine kakhungu ndimakadziwa mpaka nthawi yowerukira basi. Ndili ndi ana asanu."

Amalume anagamula kuti banja latha, sangasunge mbala pamudzi. Bambo ananyamula khasu ndi bulangete, ulendo wa ku Mvera wapansi. Mayi anaima pakhomo osalira, ine ndinakana kuwaperekeza.

Zaka zambiri sindinawayankhe makalata, chifukwa munthu wovomera kuba asanabe ndinkamuyesa wamantha. Ndinadzamvetsa nditabereka anga ana, bambo ataikidwa kale. Masiku amenewo wonyoza atcheyamani pagulu ankakwezedwa galimoto, ndipo okwezawo sankafunsa zaka. Ine ndinkadziwa chimene chinamiza singano. Bambo ankadziwa kumene galimotoyo inkapita.