Mbozi ya pa Mtengo wa Mandimu

Nyumba yathu ya ku Mulanje inkanunkha sipiriti ndi masamba a tiyi onyowa. Sipiritiyo inali ya m'timabotolo ta ababa tomwe tinkandanda pawindo, kalikonse ndi kachilombo kake kogona m'kati. Ababa anali katswiri wa tizilombo pamalo ofufuzira za tiyi, kufupi ndi msewu wa ku Limbuli. M'mawa ankalowa m'minda nkhungu isanachoke m'phiri, ukonde uli paphewa, n'kumatembenuza masamba limodzilimodzi ngati mayi wofufuza nsabwe m'mutu mwa mwana. Azimayi othyola tiyi ankawaseka m'Chilomwe, ati munthu wamkulu, wophunzira mpaka kunja, n'kumathamangitsa ziwala.

Dzinja limene ndinali mu Sitandade 3, ndinapeza mbozi pa mtengo wa mandimu kuseri kwa khitchini. Inkaoneka ngati chitosi cha mbalame. Ababa anandibwereka galasi lawo lokuzira zinthu, ndipo ndinaona kakamwa kake kakudya tsamba mozungulira, mosapupuluma. Tinaiika m'katoni, pamwamba n'kuphimba ndi chidutswa cha neti ya udzudzu. Pochokera kusukulu, mapazi ali matope ofiira okhaokha, ndinkaithyolera masamba anthete. Mvula inkaomba malata, madzi oyera akutsetsereka m'matanthwe a phiri, ine ndili chafufumimba pakhonde kuyang'ana mbozi yanga ikusanduka yobiriwira. Kenako inasiya kudya, inadzimangirira pakamtengo ndi kaulusi, n'kuuma gwa, n'kusanduka chikwa. Ndinalira kuti yafa.

"Sinafe, Esinati," anatero ababa. "Ikusoka zovala."

Nyengo yomweyo ndi imene Boma linawasankha kukayang'anira kafukufuku wa zaulimi ku Lilongwe. Masiku amenewo Boma likakuitana sunkafunsa chifukwa. Anthu ankabwera kudzawafunira zabwino, ena ndi nanazi, ena ndi nkhuku. Ababa ankamwetulira, koma timabotolo tija anatigawira anzawo a kuntchito, ukonde n'kuupachika kuseri kwa chitseko. Iwo anali oti atsogole, ife titsatire sukulu ikatsekera.

M'mawa wa ulendowo, Landirova ili kale pabwalo, ndinapeza chikwa chija chitang'ambika. Gulugufe anali lende pa neti, mapiko ake onyowa, okwinyika ngati nsalu yongofinyidwa kumene. Ndinakuwa. Ababa anabwera n'kukhala pansi pasimenti ndi suti yawo yatsopano. Dalaivala analiza hutala.

"Bwana, madzi akukwera pa Thuchila. Tikachedwa sitioloka, ndipo mawa akukudikirani ku likulu."

Amayi anawerama n'kunong'ona, "Abambo a Esinati, nyamukani. Angakunenereni kuti mukunyozera."

"Mapiko sauma mothamangitsa," anayankha ababa, maso ali pakatoni.

Tinakhala choncho, phewa langa litatsamira mkono wawo, madontho a mvula akugwa kuchokera padenga. Mapiko aja anafutukuka pang'onopang'ono, akuda a mawanga achikasu, ndi timaso tiwiri tofiirira kumunsi. Ababa anavundukula neti. Gulugufe anakwera pachala chawo, anapuma, kenako anauluka mopepesuka kulowera ku minda ya tiyi. Tsiku limenelo sanatchule dzina lake la m'mabuku monga ankachitira ndi kachilombo kalikonse. Anangosasa thalauza, anandigwira pamutu, n'kukwera galimoto. Tinadzamva kuti anaoloka madzi atayamba kale kunyambita mlatho.

Ku Lilongwe anakhala zaka zambiri kuseri kwa desiki, akulimbana kuti apeze magalimoto ndi mankhwala ntchemberezandonda zikagwa m'minda ya chimanga, akutumiza achinyamata kukaphunzira za tizilombo. Anthu amati ntchitoyo anaigwira bwino. Koma ine sindinawaonenso atagwada kusuzumira kunsi kwa tsamba.

Ndili mwana ndinkanyadira kusukulu kuti ababa anadikiritsa galimoto ya Boma chifukwa cha gulugufe wanga. Lero, nditapitirira msinkhu umene iwo anali nawo m'mawa uja, ndimaona kuti ankatsanzikana ndi ntchito ya pamtima pawo, ndipo panalibe wina woti atsanzikane naye koma kachilombo ka mwana wawo.