Njinga Yamoto Imene Inkapuma ku Kanyama

Fungo la palafini wosakanikirana ndi oyilo wakuda likandipeza, ndimaona agogo anga a Saidi atakhala pa chidebe kuseri kwa nyumba yathu ku Kanyama, kofia yoyera ili kumutu, masipanala atayalidwa pa saka, fumbi la mu Ogasiti likuwomba malata a mpanda. Anabadwira ku Mangochi, ndipo moyo wawo wonse anali makanika wa njinga zamoto. Koma panali njinga imodzi imene inakhala zaka yofunditsidwa tenti: yakale, yakuda, ya bambo anga.

Bambo angawo, a Yusufu, ananyamuka nayo kupita ku Chipata ine ndikukwawa. Njingayo inavuulidwa mumtsinje wa Luangwa n'kubwera pa lole, yodzaza matope. Mwini wake sanapezeke. Ambuya, agogo anga aakazi, anakana kuti pachitike maliro. Ankati munthu salira amene sanamuone.

Chaka chimene ndinali mu giredi faivi, agogo anavundukula tenti ija. Anaphwasula injini yonse, natsuka, naika maring'i atsopano pa pisitoni, nabwezera zonse. Atapondereza kiki yolizira injini, inangotsika fwa, ngati akuponda thonje. Ndiye kuchokera mu ekizozi, paipi yotulutsa utsi, munatuluka mpweya wautali, wotopa: fuuu.

Ambuya, amene ankasankha nyemba pakhomo, anagwetsa lichero.

"Ndi Yusufu," anatero motsitsa. "Ankapuma choncho akamavula nsapato."

Nkhani inathamanga mukomboni. Amake Chanda a pafupi nafe analetsa ana awo kudutsa kwathu. "Iwe Amina," anandiuza pa mpopi, "uza ba Saidi baleke vinthu ivo. Njinga ija ili na munthu mukati."

Agogo sanatsutsane ndi aliyense. Masana ena anandiitana, nachotsa pulagi, nandiuza nditseke bowolo ndi chala chachikulu. Ataponda kiki ndinangomva kamphepo kofooka.

"Injini yamoyo ikanakankha chala chako," anatero. "Iyi kompuresheni ilibe. Mpweya uli ndi pothawira. Tipapeze."

Anathira supuni ya oyilo m'bowomo, napondanso. Palibe chinasintha. Anandifotokozera kuti akanakhala maring'i, oyiloyo akanatseka mpata kwa kanthawi, mphamvu n'kubwerera. Choncho vuto linali kumtunda, ku mavalavu, tizitseko tiwiri tolowetsa ndi kutulutsa mpweya. Anamasula mutu wa injini, naugadamitsa, nathira palafini pa mavalavuwo. Tinayang'anitsitsa. Valavu yolowetsa inagwira. Koma mbali ya ekizozi kunayamba kunyowa, dontho linafufuma pang'onopang'ono, n'kutsetsereka pachitsulo ngati msozi.

Atatulutsa valavu ya ku ekizoziyo, m'mphepete mwake munali timaenje ta dzimbiri, pomwe madzi a mumtsinje anadya. Siinkakhala bwino pampando pake.

Agogo anatenga phala lokhakhala lopalira zitsulo ndi kamtengo ka mphira kunsonga. Apo ambuya anabwera n'kuima patsogolo pawo.

"A Saidi, musatseke pamenepo. Mukatseka, apumira pati mwana wanga?"

"Mayi a Yusufu," agogo anayankha osadzutsa mutu, "mwana wathu satha kukhala mu ekizozi. Ngati alimo, watopa. Mlekeni atuluke."

Ambuya analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Agogo anapaka phala, nayamba kupukusa kamtengo pakati pa zikhatho ngati wopeka moto, kwe kwe kwe, kunyamula valavu, kuitembenuza pang'ono, kupitiriza. Phokosolo linayamba lokhakhala, kenako linasalala mpaka linakhala ngati kunong'ona. Anandionetsa mzere wotuwa wozungulira valavu yonse wosaduka. Atathiranso palafini, chitsulo chinakhala chouma.

Anamaliza kumanga mawa lake dzuwa lili pamutu. Ataika phazi pa kiki, inalimba, n'kuwabwezera mwendo. Anaponda mwapang'onopang'ono, tonse titatchera khutu ku ekizozi. Zii.

Ndiye ndinaumva mpweya uja. Sunachokere ku njinga. Unachokera kumbuyo kwanga, pafupi ndi khutu, wofunda, wautali: fuuu. Ndinatembenuka. Panali khoma lokha ndi chingwe cha zovala chopanda kanthu. Ngakhale nkhuku za amake Chanda zinali zitasiya kupalasa.

Agogo sankayang'ana ine. Ankayang'ana pamwamba pa phewa langa, pa msinkhu wa munthu wamkulu. "Yenda bwino, mwana wanga," anatero.

Anaponda mwamphamvu, injini inalira mpaka malata ananthunthumira. Anaisiya pang'ono, naizimitsa. Chitseko chinatseguka. Ambuya anatuluka atafunda mpango woyera, maso ali gwa, nauza agogo kuti akaitane a shehe. Lachisanu lotsatira tinachita duwa, pemphero la maliro a bambo, ndipo ambuya analira koyamba.

Njingayo agogo anaipereka kwa mnzawo wa ku Chilenje osaikwerapo. Sindinawafunse agogo chimene anaona, ndipo anamwalira osanena. Lero ana anga akandifunsa kumene kuli manda a agogo awo a Yusufu, ndimawauza zoona, kuti manda kulibe. Koma ndikapita nawo ku Kanyama, ndimawaimika kuseri kwa nyumba ija, pafupi ndi khoma, n'kuwauza kuti apereke salamu.