Madesiki a 4B

Nditamaliza koleji ya uphunzitsi ndinakhala zaka zinayi ndikugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, pamsika wa ku Matero, satifiketi ili phee pansi pa matiresi. Chaka chimene boma linachotsa mafizi m'masukulu, linalembanso aphunzitsi ambiri. Dzina langa analiona ndi mlamu wanga pafoni. Ine ndinakana, ndinati a Tembo ndi ambiri m'dziko muno. Atandiwerengera nambala ya chitupa changa, ndinakhala pa mulu wa zovala n'kuyamba kulira, makasitomala akuyang'ana.

Ananditumiza kusukulu ina ya pulayimale ku Chawama, giledi 2A. Ahedi athu, Ba Mwanza, anandipatsa bokosi la choko, dasitala ndi rejisita. Anandiuzanso kuti fomu yonditsimikizira ntchito adzasaina ndi iwo miyezi yoyeserera ikatha. Popanda siginecha imeneyo, basi, kubwerera ku salaula.

Ana anali oposa zana, madesiki khumi ndi awiri. Kuchotsa mafizi kunali kwabwino, zimenezo sinditsutsa. Ana amene ankangozungulira m'komboni anabwera, ena akuluakulu ndithu koma asanagwirepo pensulo. Koma pokhala pawo palibe anapaganizira. Ambiri ankakhala pa masaka n'kumalembera pabondo. Kuitana mayina kokha kunkadya theka la piriyodi. Makope ndinkachonga m'magulu, gulu lililonse ndi tsiku lake. Ndikafuna kufika kumbuyo ndinkavula nsapato kuopa kuponda zala za ana.

Tsiku lina Ba Mwanza anatiitanira kuofesi. Anati mawa kubwera alendo a ku unduna kudzaona mmene maphunziro aulere akuyendera, ndipo adzalowa m'kalasi mwanga poti ili pafupi ndi geti.

"Mutenge madesiki ya ku 4B, bana ba 4B bayende ku giraundi," anatero. "Kwanu musiyeko bana fote chabe, ba yunifomu na nsapato. Benangu bayende ku nyumba. Osatichititsa nsoni."

Anzanga sanadabwe n'komwe. Anati ndi mmene zimakhalira, madesiki ndi amene amatsogola kulandira alendo.

M'mawa mwake ndinachita zimene ndinauzidwa, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Ndinaima pakhomo n'kumayang'ana mapazi, wansapato alowe, wopanda abwerere. Kenaka ndinaona Amake Chisomo, mayi amene ankagulitsa zitumbuwa pageti, akubwera atamugwira dzanja mwana wawo amene ndinali nditangomubweza.

"Ba Madamu, boma inakamba ati bonse babwere ku sukulu. Manje boma yabwera, mubisa wanga?"

Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandibaya. Ndinayang'ana kumpanda, ana onse aja anali ataima pomwepo, palibe anapita kwawo. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Fomu ija inali m'maganizo. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Lowani nonse!"

Analowa ndi masaka awo, phokoso ngati pamsika. Ndisanawakhazike bwino, galimoto zinali zafika.

Mayi amene ankatsogolera alendowo analephera kufika pabolodi. Anaima pakhomo n'kupempha rejisita. Anatembenuza masamba onse, kenaka anawerama kuyang'ana desiki yapafupi. Pambali pake panali polembedwa ndi penti yoyera, 4B.

"Eni ake a madesiki awa ali kuti?" anafunsa.

Ba Mwanza anatembenukira kwa ine. Funsolo linatsala ndi ine.

"Ali ku giraundi, Madamu."

Anapita kukaona kalasi ya 4B, mopanda kanthu mbee, anajambula zithunzi, analemba m'kabuku kawo, n'kumapita osamwa ndi tiyi amene tinawakonzera.

Milungu itatu Ba Mwanza sanandiyankhe moni. Ndinafika poimbira mnzanga wa ku Matero kumufunsa ngati malo anga akale pamsika adakalipo. Ndiye tsiku lina anandiitanitsa kuofesi. Ndinalowa nditavomereza kale kuti zatha. Fomu ija inali patebulo, yosainidwa, chidindo chili pamwamba.

"Nenze nakalipa maningi, Ba Tembo," anatero osandiyang'ana. "Koma zaka zonse izi nilemba makalata kupempha madesiki, palibe anayankha. Manje ba ku unduna banitumira foni beka."

Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa thanki ya madzi, kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Chimene ndinatolapo n'chakuti boma limadziwa zimene timalionetsa. Timadandaula kuti akuluakulu sayankha, chikhalirecho akabwera timawasesera njira kuti asaone kanthu. Kuyambira tsiku limenelo sindinabisenso mwana kwa mlendo.

Madesiki anabwera temu yotsatira, osakwanira, ndipo masaka ena alipobe. Koma tsiku limene anafika, ndinalemba ndekha 2A pa iliyonse. Chisomo anakhala pa yoyamba kutsogolo, wopanda nsapato chomwecho.