Ndinabisa Mapiritsi a Kusikelo M'chitini

Linali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, pamene ndinasiya mwana wanga wa miyezi itatu m'manja mwa mayi wina mumsika wa Nkhata Bay, ndilibe maganizo odzamutenganso. Ndinkafuna kudzipha. Mpaka lero ndimadzikwiyira, chifukwa manyazi anga ndi amene anandifikitsa pamenepo.

Ndili woyembekezera, kusikelo ankatipatsa mapiritsi ofiira owonjezera magazi. Apongozi anga anati amakulitsa mwana m'mimba, ndidzachita kung'ambidwa. Sindinafunse anesi. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndipo pagulu mawu amandithera. Ndinkalandira, n'kukaponya m'chitini kuseri kwa thumba la ufa wa kondowole. Anesi akandifunsa ndinkangoti ndikumwa.

Masamba nawonso sitinkadya. Amuna anga ndi asodzi ku Chikale, ndipo ankati kuphika chigwada pakhomo pa msodzi n'kumunyozetsa kwa anzake.

Nditabereka, thupi linalefuka. Chizungulire, mtima kuthamanga, kulira popanda wondimenya. Mwana akalira ndinkangomuyang'ana. Nditayesa kunena, apongozi anati ndi ulesi wa atsikana amakono. Amuna anga anati, "Ukusowa chiyani? Nsomba zilipo." Ndinayamba kuganiza kuti mwanayo akula bwino ine kulibe.

Mayi a mumsika aja ndi aNyamanda, a kutchalitchi kwathu, ogulitsa masamba. Lachiwiri lija ndinawauza kuti ndikukataya madzi. Iwo anayang'ana jumbo imene ndinawasiyira, n'kundigwira chitenje.

"Kukataya madzi mpaka kusiya buku la kusikelo ndi matewera onse? Khala pansi apa, mwana wanga. Ukupita kuti kwenikweni?"

Ndinalira, n'kuwauza zoona. Anafunditsa masamba awo chiguduli n'kupita nane kuchipatala, chitenje changa osachisiya njira yonse.

Atandiyeza anapeza kuti magazi ndi ochepa. Anesi anati m'mapiritsi aja muli foliki asidi, ndipo zinthu ngati zomwezo zimapezeka m'masamba obiriwira ndi nyemba. Zikachepa m'thupi zimatha kuwonjezera matenda okhumudwa, ngakhale si chifukwa chokhacho. Anati ndikudwala, si ulesi, ndipo mapiritsi okha sakwanira, ndizibweranso kudzalankhula ndi aphungu. Anaitanitsanso amuna anga n'kuwauza kuti asamandisiye ndekha.

Amayi anzanga, zimene mwamva kunyumba kafunseni kuchipatala, ngakhale mawu akunjenjemera. Maganizo a imfa akakubwererani, uzani munthu tsiku lomwelo. Ine ndinakhala chete miyezi yonseyo pofuna kuoneka waulemu, ndipo mwana wanga akanatsala wamasiye.

Titachoka kuchipatala kuja, m'mawa mwake ndinatulutsa chitini chija n'kukhuthula mapiritsi onse pamphasa, apongozi ndi amuna anga akuona. Ndinamwa limodzi la atsopano amene anandipatsa kuchipatala, pamaso pawo. Kenako ndinabereka mwana kumsana, n'kukhala pabwalo penipeni kusinja chigwada.